Jini wa kunyumba: botolo lotchipa pashelefu si lotchipa nthawi zonse m'tambula

Mwezi ukatha, malipiro atalowa, pashelefu ya mowa waukali m'masitolo akuluakulu a mu Limbe, Lilongwe ndi Mzuzu pamakhala anthu oima nthawi yaitali osatola kanthu. Maso amayambira kumtunda komwe kuli mabotolo obiriwira ndi abuluu ochokera kunja, amatsikira pa kapepala ka mtengo, kenako n'kutsikanso mpaka pansi pomwe pali timabotolo tapulasitiki. Ambiri mwa anthuwa si zidakwa. Ndi anthu amene anawerengera kuti toti ya kubala imadula kuposa toti ya m'botolo logula kusitolo, ndipo anaganiza zoti azimwera pakhonde pawo, alendo akabwera azikhala ndi chowapatsa.

Maganizowo ndi abwino, koma ndalama imene apulumutsa pothawa kubala ambiri amakaitayanso pashelefu pomwepo. Ena amalipira dzina ndi kukongola kwa botolo, jiniyo n'kukamumiza mu zakumwa zotsekemera zimene zimaphimba kukoma konse kumene analipira. Ena amathamangira botolo lotsika mtengo kwambiri osaona kuti ndi laling'ono komanso lochepa mphamvu. Ndipo alipo ena amene amagula pangodya mowa wosadziwika komwe wachokera, amene mtengo wake weniweni umakalipiridwa kuchipatala.

Chimene chimapangitsa mowa kukhala jini

Jini amayamba ngati mowa woyera wopanda fungo lililonse, wotchezedwa kuchokera ku tirigu, chimanga kapena zotsalira za nzimbe. Chimene chimamusandutsa jini ndi timbewu ta mtengo wa juniper. Timbewuti ndi takuda mobiriwira, tofanana kukula ndi nsawawa zazing'ono, ndipo fungo lake limakumbutsa utomoni wa paini kapena thabwa la mkungudza. Zimenezi sizodabwitsa chifukwa juniper ndi mkungudza wa ku Mulanje ndi mitengo ya banja limodzi. Ku Nyika kuli nkhalango yaing'ono ya mtundu wina wa juniper, koma timbewu timene makampani a jini amagwiritsa ntchito n'tamtundu wa ku Ulaya, ndipo tambiri timathyoledwa m'mapiri a ku Italy ndi maiko a ku Balkan.

Dzina lenilenilo linachokera ku mawu a Chidatchi oti jenever, omwe ndi dzina la mtengowo. Siligwirizana ndi majini amene asing'anga amati amatulutsa mwa anthu, ngakhale akazi ena a anthu okonda botolo angatsutse.

Pamwamba pa juniper, kampani iliyonse imaonjezera zake: njere za koriyanda, muzu wa angelica, makoko a mandimu ndi malalanje, ndi zina. Apa ndi pamene majini amasiyanirana kukoma, komanso ndi pamene otsatsa malonda amapezera nkhani zokwezera mtengo.

Wogula amene akufuna kudziwa chimene akulipira ayenera kuwerenga mawu a pabotolo, chifukwa pa mabotolo otsatira malamulo a ku Ulaya ndi ku Britain mawuwo ali ndi tanthauzo lokhazikika. Botolo longolembedwa kuti gin basi likhoza kukhala la mowa woyera umene angothiramo zonunkhiritsa, osautchezanso. Lolembedwa distilled gin ndiye kuti mowawo unatchezedwanso pamodzi ndi juniper. Lolembedwa London Dry ndi limene lili ndi malamulo okhwima kuposa onse: fungo lonse liyenera kulowa pa nthawi yotcheza, saloledwa kuthiramo utoto, ndipo shuga sayenera kupitirira magalamu 0.1 pa lita imodzi. Mawu oti London sakutanthauza kuti jiniyo wapangidwa mumzinda wa London. Akunena za kapangidwe, ndipo London Dry akhoza kutchezedwa ku Durban kapena ku Nairobi. Malamulo omwewo amati jini asachepere 37.5 peresenti ya mowa weniweni.

Kwa munthu wa thumba lochepa, mawu awiri amenewa, London Dry, ndi amene ali ndi phindu lalikulu pashelefu yonse, chifukwa amapezeka ngakhale pa mabotolo otsika mtengo. Gordon's, amene Alexander Gordon anayamba kutcheza ku London mu 1769, ndi London Dry. Chimodzimodzinso Tanqueray, amene anayamba mu 1830, ndi Beefeater. Kusiyana kwa mitengo yawo n'kwakukulu, koma lamulo limene amatsatira ndi limodzi.

Wakwathu ndi wakunja

Dziko lino lili ndi mwayi umene maiko ambiri oyandikana nalo alibe: lili ndi jini wakewake amene dzina lake linadutsa malire. Malawi Gin wakhala akupangidwa kuyambira m'zaka za m'ma 1960, ndipo lero ali m'manja mwa Castel Malawi, kampani imene inagula gawo lalikulu la Carlsberg Malawi mu 2016. Alendo obwera kunyanja ku Mangochi, Cape Maclear ndi Nkhata Bay anamupatsa mpaka chidule, MGT, kutanthauza Malawi Gin wosakaniza ndi toniki, ndipo Amalawi okhala ku Britain ndi ku South Africa amadziwa kuti m'bale akamabwera kuchokera kumudzi, botolo limeneli limakhala pamndandanda umodzi ndi Nali ndi mpunga wa Kilombero.

Pali chifukwa chomveka chimene jini wopangidwa muno amakhalira wotsikirapo mtengo. Mowa woyera umene makampani a mowa waukali amayambira umapezeka m'dziko momwemuno, kuchokera ku zotsalira za nzimbe. Kampani ya Ethanol Company ku Dwangwa, mwachitsanzo, imatcheza mowa woterewu. Botolo lochokera kunja limafika pashelefu litasenza mtengo wa thiransipoti kuchokera kudoko kapena ku Johannesburg, misonkho ya pachipata, komanso vuto la ndalama zakunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, katundu yense woitanitsa kunja anakwera, ndipo wamalonda amene wavutika kupeza madola kapena marandi amaika kuvutikako pamtengo. Choncho mbali yaikulu ya ndalama imene munthu amalipira pa botolo lakunja si ya jiniyo. Ndi ya ulendo wake.

Izi sizikutanthauza kuti wakwathu ndi wakunja amakoma mofanana. Malawi Gin ndi wofewa pakamwa ndipo fungo la juniper silibaya mphuno kwambiri, n'chifukwa chake amalowa bwino ngakhale kwa anthu amene amati jini sawamukonda. Tanqueray ndi wouma komanso wa fungo lamphamvu. Bombay Sapphire, wa botolo labuluu uja, ndi wopepuka ndipo amanunkhira ngati maluwa. Jini wa m'katimo ndi woyera ngati madzi, mtundu wabuluuwo ndi wa galasi chabe. Hendrick's, amene amapangidwa ku Scotland, amaonjezeramo nkhaka ndi duwa la rozi, ndipo mtengo wake ndi wa anthu amene safunsa mtengo. Ku South Africa kwabukanso majini ambiri a makampani ang'onoang'ono, monga Inverroche amene amagwiritsa ntchito zomera zakutchire za ku Cape.

Funso la wogula si loti wabwino kuposa onse ndi uti. Funso ndi loti jiniyo akamwedwa bwanji. Ngati mabotolo onse kunyumbako amathera mu toniki, jinja kapena madzi a zipatso, kugula botolo lokwera mtengo katatu n'kutaya ndalama, chifukwa m'tambula yodzaza ayisi ndi zotsekemera, anthu ochepa kwambiri angasiyanitse. Ngati alipo amene amamwa jini ndi ayisi yekha kapena ndi timadzi pang'ono, pamenepo botolo lapamwamba limamveka, ndipo n'kwanzeru kukhala ndi mabotolo awiri: lotsika mtengo la alendo ndi zosakaniza, ndi lina limene limatha miyezi.

Za majini apinki amene adzaza masiku ano, nkhani yake ndi yaifupi. Ambiri ndi jini wamba amene athiramo fungo la zipatso, utoto ndi shuga, ndipo kawirikawiri mphamvu yake imakhala yotsikirapo pomwe mtengo uli wokwererapo. Amaoneka bwino pazithunzi za pa Facebook. Chikomekome cha mkuyu.

Masamu a pashelefu

Mitengo ikusintha mwezi ndi mwezi, ndipo imasiyana pakati pa Chipiku, Sana, mahawoselo ndi botolo sitolo ya pamsika. Chimene sichisintha ndi kawerengedwe kake, ndipo foni iliyonse ili ndi chowerengera.

Toti imodzi ndi mamililita 25. Botolo la mamililita 750 limatulutsa matoti 30. La lita imodzi limatulutsa 40. La mamililita 700, limene ndi muyezo wa ku Ulaya ndi ku Britain, limatulutsa 28. Kabotolo ka mamililita 200 kamatulutsa 8. Mabotolo a 700 ndi 750 akaima pamodzi amaoneka ofanana, koma pali matoti awiri amene asowa, ndipo wogula wothamanga saona.

Chachiwiri ndi mphamvu. Botolo la mamililita 750 la 43 peresenti lili ndi mowa weniweni wokwana mamililita 322 ndi theka. La kukula komweko la 40 peresenti lili ndi 300. La 37.5 peresenti lili ndi pafupifupi 281. Chotsalacho ndi madzi. Dzina limodzi likhoza kubwera ndi mphamvu zosiyana kutengera dziko limene botololo linapangidwira: Gordon's wa pamsika wa ku Britain ndi wa 37.5 peresenti, pomwe wa ku South Africa wakhala akudziwika ndi 43. Choncho dzina lokha silokwanira, nambala ya pakona ya pepala iyenera kuonedwa.

Pongopereka chitsanzo, pashelefu pakhale mabotolo awiri. Loyamba ndi la mamililita 750, la 43 peresenti, pamtengo wa K20,000. Lachiwiri ndi la mamililita 700, la 37.5 peresenti, pa K18,000. Diso limathamangira lachiwirilo chifukwa latsika ndi K2,000. Pa toti, loyamba likutuluka pafupifupi K667 ndipo lachiwiri K643, kusiyana kwake kwatsala kochepa zedi. Koma pogawa mtengo ndi kuchuluka kwa mowa weniweni, loyamba likutuluka K62 pa mililita imodzi pomwe lachiwiri likutuluka pafupifupi K69. Botolo looneka lotchipa lija ndi limene likudula.

Wina angafunse kuti mphamvu ili ndi ntchito yanji kwa munthu amene sakufuna kuledzera. Ili nayo. Mafuta onunkhira a juniper ndi makoko a zipatso amagwidwa ndi mowa, osati madzi, moti jini wamphamvuko amasunga fungo lake akathiridwa toniki ndi ayisi, pomwe wofookayo amazimiririka msanga. Munthu wothira jini wa 37.5 peresenti amapezeka akuonjezera dzanja kuti amveke, botolo n'kutha msanga. Wa 43 amalola kuthira pang'ono.

Timabotolo ting'onoting'ono ndi msampha wina. Timaoneka tofikirika chifukwa ndalama yotuluka nthawi imodzi ndi yochepa, koma pa toti kawirikawiri timadula kuposa botolo lalikulu. Ntchito yake yabwino ndi imodzi: kulawira mtundu umene munthu sanaumwepo asanaike ndalama zambiri.

Toniki ndiye amadya ndalama

Chinthu chimene anthu ambiri omwera kunyumba amachizindikira mochedwa n'chakuti ndalama zambiri sizithera pa jini. Muyezo umene ambiri amaukonda ndi gawo limodzi la jini pa magawo atatu a toniki. Matoti awiri, omwe ndi mamililita 50, amafuna toniki wokwana 150. Botolo la 750 limatulutsa matambula 15 otere, ndipo onse pamodzi amafuna toniki wopitirira malita awiri. Ngati tambula iliyonse itsegulitsa kachitini kake, ndipo kachitiniko, mwachitsanzo, kali pa K1,500, ndiye kuti toniki yekha wadya K22,500, kuposa jini wa K20,000 uja.

Botolo lalikulu la toniki limatsitsa mtengowo kwambiri, koma lili ndi vuto lake. Likangotsegulidwa, mpweya umayamba kuthawa, ndipo pofika tsiku lachiwiri kapena lachitatu latsala madzi owawa a shuga. Toniki wopanda mpweya amaononga jini aliyense, wotchipa ndi wodula yemwe. Lamulo losavuta ndi ili: pakakhala anthu anayi kapena kuposa, botolo lalikulu ndi lopindulitsa chifukwa lithera tsiku lomwelo, kwa munthu mmodzi kapena awiri, tizitini n'tabwino ngakhale tikuoneka todula. Toniki azikhala wozizira kwambiri asanatsegulidwe, chifukwa madzi ozizira amasunga mpweya kuposa ofunda, ndipo azithiridwa pang'onopang'ono m'mbali mwa tambula.

Kuwawa kwa toniki kumachokera ku kwinini, mankhwala a m'khungwa la mtengo wa cinchona wa ku South America. Azungu a nthawi ya atsamunda ku India ndi kuno ankamwa kwinini podziteteza ku malungo, ndipo David Livingstone anadalira mankhwala omwewa paulendo wake wa mumtsinje wa Zambezi ndi Shire umene unayamba mu 1858. Kusakaniza kwinini ndi madzi a mpweya, shuga ndi jini inali njira yoti chowawacho chimezeke. Mbiri imeneyi yasiya bodza limene likumvekabe m'mabala mpaka lero, loti jini ndi toniki amateteza kapena kuchiza malungo. Kwinini wa mu toniki wa masiku ano ndi wochepa kwambiri: ku America lamulo limaletsa kupitirira mamiligalamu 83 pa lita, pomwe mlingo umodzi wochizira munthu wamkulu umakhala mazanamazana a mamiligalamu. Wodwala malungo akayezetse n'kulandira LA. Toniki ndi chakumwa basi.

Chinanso chosaiwalika ndi shuga. Chifukwa cha kuwawa kwake, ambiri amaganiza kuti toniki alibe shuga, pomwe toniki wamba ali ndi shuga woyandikira wa zakumwa zina zoziziritsa kukhosi. Odwala matenda a shuga ayenera kudziwa zimenezi.

Zimene msika wa ndiwo ungapereke

Pamene toniki wakwera kapena wasowa, monga zimachitikira zinthu zikavuta pa ndalama zakunja, jini sasowa bwenzi. Soda wopanda shuga, madzi a ndimu imodzi ndi kasupuni ka shuga wosungunula m'madzi otentha zimapanga chakumwa chimene m'mahotela amachitcha Tom Collins n'kuchigulitsa pamtengo wa chakudya chamasana. Jinja wa m'botolo ndi kagawo ka ndimu amagwirizana kwambiri ndi jini wofewa ngati wakwathuyu. Madzi a chidede owiritsa n'kuziziritsa amapereka mtundu wofiira ndi kuwawasa kumene majini apinki aja amagulitsa modula. Malambe ndi bwemba zimagwiranso ntchito, bola zisefedwe bwino pakansalu koyera, chifukwa zikapanda kutero tambula imaoneka ngati phala.

Mandimu ndi amene amasintha tambula kuposa china chilichonse, ndipo mulu wake pamsika ndi wotchipa kuposa kachitini kamodzi ka toniki. Fungo lenileni lili m'khoko, osati m'madzi okha. Kukhotetsa kachidutswa ka khoko pamwamba pa tambula kuti timafuta take tidonthere kumakweza jini wotsika mtengo kuposa kuonjezera K10,000 pa botolo. Kagawo ka nkhaka kamachita zomwezo kwa amene amasirira Hendrick's.

Ayisi naye ali ndi nkhani yake. Anthu ambiri amathira timiyala tiwiri poopa kuti jini asukuluka, koma zimachitika mosiyana: ayisi wochepa amasungunuka msanga n'kusandutsa chakumwa madzi, pomwe tambula yodzaza ayisi imazizira mwachangu ndipo ayisiyo amakhalitsa. M'madera amene magetsi amazimazima, ndi bwino kuumitsa madzi m'zikho kapena m'mabakuli ang'onoang'ono kuti patuluke zibuma zikuluzikulu, zimene zimapirira maola ambiri kuposa timiyala ta m'thireyi. Madziwo akhale owiritsa kapena otetezedwa. Jini wa m'tambula sapha tizilombo ta m'madzi oipa, ndipo pa nthawi ya kolera ayisi wa madzi osadziwika ndi woopsa ngati madzi ena aliwonse.

Kulawa musanakhulupirire dzina

Njira yoyesera jini imene otcheza eniake amagwiritsa ntchito ndi yosafuna ndalama. Toti imodzi imathiridwa m'tambula yoyera, n'kuonjezeramo madzi ofanana kuchuluka kwake, osazizira. Madziwo amachepetsa ukali n'kumasula fungo. Jini wabwino amamveka utomoni wa paini, makoko a zipatso ndi kakuwawa kabwino kumapeto. Woipa amamveka ngati sipiriti wa kuchipatala kapena mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo, amawotcha kukhosi, kapena amasiya kutsekemera konanda pa lilime.

Anthu atatu kapena anayi akhoza kugula timabotolo ta mitundu yosiyana, mmodzi n'kuthira ena asakuona, kenako onse n'kusankha. Zotsatira za mayeso oterewa zimachititsa manyazi anthu amene amalumbira kuti samwa china chilichonse kupatula cha botolo lobiriwira.

Pamene kutchipa kumasanduka ngozi

Pali malire amene wofuna kupulumutsa ndalama sayenera kudutsa. Botolo la dzina lodziwika likamagulitsidwa pa theka la mtengo wa m'sitolo, pali chimene chalakwika. Mwina linalowa mozemba msonkho, mwina ndi lakuba, koma nthawi zambiri ndi botolo lenileni limene latoledwa kudzala kapena kugulidwa kwa otola mabotolo n'kudzazidwanso ndi mowa wina.

Choopsa mu mowa wotere ndi methanol, mtundu wa sipiriti wa m'mafakitale umene sungasiyanitsidwe ndi mowa wakumwa pongoyang'ana kapena kununkhiza. Thupi limausandutsa poizoni amene amapha mitsempha ya maso, ndipo ukachuluka umapha munthu. Zizindikiro zimachedwa, nthawi zina theka la tsiku kapena tsiku lonse, moti wodwala amayesa matsire wamba: mutu, kusanza, kupweteka kwa m'mimba, kupuma mothamanga ndi kuona ngati chifunga. Munthu amene maso ayamba kuchita chifunga atamwa mowa wokayikitsa athamangitsidwe kuchipatala nthawi yomweyo, osadikira kuti agone kaye. Anthu a mu Blantyre akukumbukira za mu 2024 pomwe anthu angapo anamwalira atamwa mowa umene unkatchedwa Ambuye n'tengeni.

Boma linaletsa mowa wa m'masacheti zaka zapitazo, koma malonda a mowa waukali wotchipa sanathe, anangosamukira m'timabotolo tapulasitiki, tina tolembedwa kuti jini ngakhale mulibe fungo la juniper ngakhale pang'ono. Sikuti kabotolo kalikonse kapulasitiki n'koipa, koma pamenepa ndi pamene wogula ayenera kutsegula maso kwambiri.

Zoyang'ana n'zochepa. Chitsekerero chikhale chomata, ndipo kamkombero ka pansi pake kaduke pamene botolo likutsegulidwa koyamba. Mabotolo a mtundu umodzi pashelefu akhale odzaza mofanana. Limene lapitirira kapena kuperewera ndi lokayikitsa. Jiniyo akhale woyera mbee, wopanda tizinyalala toyandama botolo likatembenuzidwa. Pepala likhale lomatidwa mowongoka, losalakwika zilembo, lokhala ndi dzina ndi adiresi ya kampani. Katundu wopangidwa muno akhale ndi chizindikiro cha bungwe loona za miyezo la MBS. Bungwe lotolera misonkho la MRA linayambitsanso mu 2024 timapepala ta msonkho ta Kalondola timene timamatidwa pa katundu wolipira msonkho wapadera, kuphatikizapo mowa. Ndipo wogula atenge lisiti, chifukwa popanda lisiti dandaulo lililonse ku MBS kapena ku bungwe la CFTC limakhala lopanda poyambira.

Botolo likatha, ndi bwino kuononga chitsekerero ndi kung'amba pepala lisanatayidwe kapena kugulitsidwa. Botolo lathunthu lokhala ndi pepala lake ndi limene anthu achinyengo amasaka.

Nthawi yogulira ndi kasungidwe

Jini saonongeka msanga, ndipo zimenezi zimapatsa wogula mpata umene alibe pa mowa wa m'mabotolo ang'onoang'ono kapena vinyo. Botolo losatsegula limakhala zaka. Lotsegula limakhalanso miyezi yambiri, bola litsekedwe bwino, liime chilili ndipo lisaombedwe ndi dzuwa. Fungo limayamba kuchepa pang'onopang'ono botolo likatsala pang'ono kutha, chifukwa mpweya umachuluka m'katimo. Jini sakoma ndi kukalamba m'botolo monga ena amaganizira, choncho kumusunga zaka khumi sikumuonjezera kanthu. M'firiji yozizira kwambiri sauma, amangolemererako pang'ono, ndipo jini wozizira chotere amapulumutsa ayisi.

Poti saonongeka, amene ali ndi phwando la Khirisimasi, chinkhoswe kapena ukwati akhoza kugula miyezi iwiri kapena itatu isanafike nthawiyo, pamene anthu sanayambe kulimbirana ndipo mitengo isanasinthe. Nthawi ina yoyenera kutchera khutu ndi pamene nduna ya zachuma ikupereka ndondomeko ya chuma ku Nyumba ya Malamulo, chifukwa misonkho ya mowa ikasintha, mashelefu amatsatira posachedwa. Anzawo ogwirizana akhozanso kusonkherana n'kugula katoni kuhawoselo, koma afunse kaye mtengo wa botolo limodzi kumeneko ndi kusitolo yaikulu, chifukwa si nthawi zonse pamene hawoselo imakhala yotsika.

Chida chotsiriza n'chotchipa kuposa zonse: kachikho koyezera toti. Kubala, toti imayezedwa ndipo iliyonse imalipiridwa, moti thumba limakumbutsa munthu kuti wamwa zingati. Kunyumba dzanja ndi lomwe limayeza, ndipo dzanja limalemera tambula iliyonse ikamapita. Botolo la matoti 30 limatha ngati la matoti 15, phindu lonse lomwera kunyumba n'kupita. Akuluakulu a zaumoyo ku Britain amalangiza kuti munthu asapitirire miyezo 14 ya mowa pa sabata, ndipo toti imodzi ya jini wa 40 peresenti ndi muyezo umodzi ndendende. Mwa kawerengedwe kameneka, botolo la mamililita 750 liyenera kumukwanira munthu mmodzi kupitirira masabata awiri. Kumene kachikho koyezera kulibe, kachikho ka pulasitiki kamene kamabwera ndi mankhwala amadzi a chifuwa kali ndi mizere ya mamililita, ndipo kakatsukidwa bwino kamagwira ntchito yomweyo.